Injini Ikakana Kuzima Yokha pa Maloboti

Anzanga ambiri amene anagula Mazda Demio kapena Daihatsu Mira yochokera ku Japan, yomwe injini yake imazima yokha galimoto ikaima kuti mafuta asawonongeke, amandifunsa funso limodzi: bwanji injini siikuzimanso yokha tikaima pa maloboti? Yankho langa n'lakuti musafulumire kunena kuti galimoto yawonongeka, chifukwa nthawi zambiri imakhala ikudziteteza. Kompyuta yake imayamba yaona ngati batire lili ndi mphamvu zolizanso injini; ikakayika, imangoisiya ikulira. Apa ndi pamene ambirife timalakwitsa. Batire lobwera ndi galimoto likatha timagula lotsika mtengo, pomwe galimoto zoterezi zimafuna la mtundu wa EFB kapena AGM, lopirira kuliza injini kambirimbiri pa tsiku. Maulendo afupiafupi a m'tauni nawonso salipatsa mpata wodzaza. Zifukwa zina n'zapafupi: injini isanatenthe m'mawa wa mu Juni, kapena AC ikamalimbana ndi dzuwa la mu Okutobala, injini siizima. N'chimodzimodzinso ngati simunamange lamba, chitseko kapena boneti sizinatsekeke bwino, mwaima pa chitunda, mwakhotetsa chiwongolero, kapena simunaponde buleki mokwanira. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa mafuta ndi odula, ndipo dontho lililonse lopsa galimoto ili chiimire ndi ndalama ya ndiwo kunyumba. Choncho yambani mwaona ngati simunadine batani loletsa kuzimaku, kenako kayezetseni batire kwa amakaniko odziwa zamagetsi. Akaika latsopano, apempheni aone ngati kompyuta yalizindikira.

Mnzanu wa pa galaja