Osafufuta database chifukwa cha error imodzi

Pa wailesi yathu ya m'dera tili ndi kapulogalamu kolemberamo mauthenga a omvera. Munthu akabwera ndi uthenga wa maliro, wa mwana wosowa, wa NRC yotayika kapena wa msonkhano wa chilimba, timalemba dzina lake, nambala ya foni, ndalama zimene walipira ndi masiku amene uthengawo uyenera kuwerengedwa. Anakapanga ndi mmodzi wa ife, mnyamata amene anaphunzira yekha Python, ndipo anagwiritsa nchito Django. Kanatitumikira bwino kwa miyezi yambiri.

Tsiku lina tinam'pempha kuti awonjezere malo osonyeza ngati munthu walipira pa mobile money kapena pamanja. Anawonjezera. Atatsegula tsamba, panatuluka chikalata chachikasu chokhala ndi mawu akuti "OperationalError: no such column". Kunali kumadzulo, malaiti anali pafupi kupita, ndipo tonse tinaima kumbuyo kwake tikumuuza kuti afulumire. Anafufuza pa foni n'kupeza malangizo amene ambiri a inu munawaonapo: fufuta failo ya db.sqlite3, fufuta ma migration, uyambe poyambira. Anachita momwemo. Error inathadi, koma inapita pamodzi ndi mauthenga onse. M'mawa mwake mayi wina anaimba foni kufunsa chifukwa chake uthenga wa maliro a alongo awo sunamveke, pamene achibale a m'makomboni ena anali kudikira pa wailesi kuti adziwe tsiku loika. Ndalama tinabweza. Koma achibale ena anamva mochedwa, maliro ataikidwa kale.

Sitikum'nena mnzathuyo, pakuti amene tinam'thamangitsa ndife. Chimene tifuna kukamba ndi ichi: ngati database yanu ili ndi zinthu za anthu ena, kudziwa framework chabe sikukwanira. Muyenera kudziwa kuwerenga error, ndiponso kuona chimene framework ikuuza database m'malo mwanu.

Tiyeni tione chimene error ija inali kunena. Mu Django timalemba model, ndiye kuti mafotokozedwe a chinthu chimene tifuna kusunga. Koma chinthucho chimakhala mu table ya mu database, ndipo table siisintha yokha chifukwa choti tasintha model. Mnzathu anawonjezera malo atsopano mu model, Django n'kupita kukafunsa column imene mu table munalibe. Database inayankha zoona zokhazokha: column imeneyo kuno kulibe. Mankhwala ake anali malamulo awiri. Loyamba ndi makemigrations, limene limalemba failo yofotokoza kusinthako. Lachiwiri ndi migrate, limene limakachita kusinthako mu database. Ukakaikira, showmigrations imakuonetsa ma migration amene anachitika ndi amene sanachitike, ndipo sqlmigrate imakuonetsa SQL yeniyeni usanailole kugwira kanthu. Zonsezi zili mu Django kuyambira pa 1.8, imene inatuluka mu 2015. Nchito ya mphindi zochepa inatidyera mauthenga a miyezi.

Vuto lathu ndi lakuti chikalata cha error chimatiopsa ndi kutalika kwake. Timaona mizere yambirimbiri ya Chingelezi, mtima n'kuthamanga, n'kukopera zonse kupita nazo kwa wina kapena kwa AI tisanawerenge ngakhale mzere umodzi. Koma pa terminal, mzere wotsiriza wa traceback ndi umene umatchula dzina la vuto, ndipo ukakwera m'mwamba pang'ono upeza failo yako ndi nambala ya mzere pamene zinayambira. Mayina a mavutowa si ambiri ayi. "UNIQUE constraint failed" ikutanthauza kuti ukufuna kulemba kachiwiri chinthu chimene unalamula wekha kuti chisabwerezedwe, monga nambala ya lisiti. "NOT NULL constraint failed" ikutanthauza kuti wasiya popanda kanthu pamalo amene unati sayenera kukhala opanda kanthu. "MultipleObjectsReturned" ikutanthauza kuti unagwiritsa nchito get() poyembekeza chinthu chimodzi, koma zapezeka ziwiri kapena kuposa. Apa database siinawonongeke. Ikuteteza malamulo amene unaipatsa, ndipo kawirikawiri ikukuuza kuti m'zolemba zako muli kale chisokonezo chimene sunachione.

Palinso "database is locked", imene inayamba kutivutitsa pamene anthu awiri, wina ku studio wina ku ofesi, anayamba kulemba nthawi imodzi. SQLite ndi failo imodzi, ndipo imalola mmodzi yekha kulemba pa nthawi. Winayo amadikira, ndipo akadikira kupitirira masekondi 5 amalandira error imeneyi. Mukhoza kutalikitsa nthawi yodikira, koma olemba akachuluka ndiye kuti nthawi yosamukira ku PostgreSQL kapena MySQL yakwana. Kufufuta failo sikuchiritsa kanthu apa.

Ndiye pali vuto lina limene silionetsa error n'komwe. Tsamba lathu la mauthenga linayamba kuchedwa kutseguka, ife n'kumanena netiweki. Koma titayang'ana ma query, tinapeza kuti pa uthenga uliwonse Django inali kupitanso ku database kukatenga dzina la wotumiza. Mauthenga akakhala 200, maulendo amakhala 201: umodzi wotenga mndandanda, 200 otenga mayina. Zili ngati kupita ku msika kukagula tomato mmodzi, kubwerera kunyumba, kupitanso kukagula wina. Vutoli limatchedwa N+1, ndipo select_related imalithetsa potenga zonse paulendo umodzi. Pa zinthu zolumikizana zambirimbiri pali prefetch_related. Sitikanaliona tikanapanda kuyang'ana SQL. Kulemba print(queryset.query), kapena kuika Django Debug Toolbar pa kompyuta yoyeserera, kumakuonetsa zimene zikuchitika kuseri.

Tidziwa zimene ena a inu mudzanena, ndipo pali nzeru m'menemo. Mudzati framework inapangidwa ndendende kuti tisamalembe SQL. Mudzati bundle ndi yodula, malaiti ndi osadalirika, kasitomala akufuna tsamba lake Lachisanu, ndipo palibe nthawi yokhala pansi kuphunzira zam'kati. Mudzatinso malangizo ofufuta database amagwira nchito. Zoona, amagwira, ngati zimene zili m'kati ndi mayina opeka amene munalemba dzulo poyeserera. Wolemba malangizowo sadziwa kuti m'failo yanu muli maliro a munthu. Ndinu nokha amene mudziwa.

Za nthawi, kumbukirani kumene Django inachokera. Adrian Holovaty ndi Simon Willison anaiyamba ali pa nchito ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ku Kansas, ndipo inaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Inabadwira m'nyumba ya nkhani, kumene nthawi imathamangitsa anthu monga imatithamangitsira ife. Inapangidwa kuti ikuchotsereni nchito yobwerezabwereza. Siinapangidwe kuti muiwale kuti pansi pake pali database. Dalaivala wa minibasi safunika kukhala makanika, koma nyali ya oilo ikayaka sathira tepi pamwamba pake n'kupitiriza ulendo ndi anthu m'galimoto. Sitikupempha kuti mukhale akatswiri a SQL. SELECT, WHERE, JOIN ndi tanthauzo la index ndi zokwanira poyambira, ndipo mukhoza kuziphunzira pa SQLite yomweyo popanda intaneti.

Ngakhale akatswiri amalakwa, n'chifukwa chake backup siikhala nkhani ya mawa. Pa 31 January 2017, injiniya wa kampani ya GitLab anafufuta mwangozi zinthu za mu database yawo yaikulu ya PostgreSQL, akuganiza kuti ali pa seva ina. Pofuna kubwezeretsa anapeza kuti njira zawo zingapo za backup sizinali kugwira nchito, ndipo zolembedwa za maola pafupifupi 6 zinatayika. Iwo eni anafotokoza poyera zonse zimene zinachitika. Phunziro lake ndi lakuti backup imene simunayesepo kubwezeretsa simungaidalire. Ife sitinafike n'komwe pamenepo, pakuti tinalibe backup iliyonse. Kukopera failo imodzi ya db.sqlite3 pa flash, pulogalamu itaimitsidwa, kukanapulumutsa uthenga wa mayi uja.

Ndipo zinthuzi si zathu. Mayina ndi manambala a foni ndi a anthu amene anatikhulupirira, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021 limene limaika udindo pa osunga zinthu zotere. Chikalata chachikasu chija chimaoneka pamene DEBUG ili pa True. Mukachisiya choncho pa tsamba limene lili pa intaneti, aliyense wokumana ndi error adzaona mayina a mafailo anu, zidutswa za code yanu ndi zina zam'kati. Chimodzimodzinso, mukamapempha thandizo kwa anzanu a pa WhatsApp, tumizani error yokha, osati chithunzi chokhala ndi manambala a makasitomala.

Manje ku wailesi tinagwirizana zinthu zitatu. Palibe amene akhudza database asanakopere backup. Palibe amene ayesa chinthu chatsopano pa database yeniyeni, amayamba wayesa pa kope. Ndipo error ikatuluka, amene ali pa kompyuta amawerenga mokweza mzere wotsiriza, n'kutiuza m'Chinyanja chimene ukutanthauza, asanafufuze kulikonse. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti sanafike poti n'kukonza, ndipo uthenga wa tsikulo timaulemba m'buku kufikira atamvetsa. Ife oima kumbuyo tinagwirizananso kuti tileke kum'thamangitsa.