Ku Martinsville tiika Blaney patsogolo, Byron pambuyo pake

Pa Sondo, pa 26 October 2025, mamotoka a NASCAR Cup adzathamanga pa Martinsville Speedway ku Virginia, kuno kwathu kutada kale. Uwu ndiwo mpikisano wothela wosankha madalaiva anai okalimbilana cikho ca 2025 ku Phoenix. Denny Hamlin anapambana ku Las Vegas, Chase Briscoe ku Talladega, motelo awiliwa alowa kale. Malo otsala ni awili cabe, koma owafuna ni 6: Christopher Bell, Kyle Larson, William Byron, Joey Logano, Ryan Blaney na Chase Elliott.

Ife tikuti polosela za Martinsville, tisayang'ane kwambili amene wacita bwino caka conse. Tiyang'ane amene amaidziwa njila iyi, komanso amene alibe cina comupulumutsa koma kupambana.

Njila ya Martinsville ni yaifupi, mamita pafupifupi 847, ndipo amaizungulila ka 500. Ili na mbali ziwili zowongoka na makona awili othina kwambili, osapendekeka kwenikweni. Dalaiva amaponda mafuta, posacedwa n'kuponda mabuleki mwamphamvu, kawili pa kuzungulila kulikonse. Injini yamphamvu sithandiza kwambili pano. Amene amathithimiza mabuleki na kudya matayala akumbuyo kuciyambi, amavutika kumapeto. Kuyambila 2022, pamene anabweletsa motoka ya Next Gen, kupitana pa njila zazifupi kwakhala kovuta, cifukwa mamotoka onse ni ofanana kwambili. Conco malo oyambilapo na liwilo la anyamata osintha matayala zimalemela kuposa kale.

Mbili ikuonetsa kuti njila iyi imakonda anthu ake. Richard Petty anapambana pano ka 15, Jeff Gordon na Jimmie Johnson ka 9 aliyense. Komanso amene wapambana Martinsville atapanikizika amapita ku mpikisano wothela ali na mtima wina. Logano mu 2018, Elliott mu 2020 na Blaney mu 2023 onse anayamba kutenga nkoloko yaikulu imene amapatsa wopambana pano, kenako n'kutenga cikho.

Ndiye cifukwa cake woyamba tikuika Ryan Blaney wa timu ya Penske. Iye anapambana mpikisano uno mu 2023 na mu 2024. Motoka yake imakhala yamphamvu akathamanga nthawi yaitali osaima, pamene matayala a anzake ayamba kutelela, ndipo ni mmodzi mwa ocepa okhoza kucokela kumbuyo n'kudutsa anzake. Ali pansi pa mzele wa mapointi, motelo kuthela wacitatu kwa iye n'cimodzimodzi kuthela wothela.

Waciwili ni William Byron wa Hendrick Motorsports, amene anapambana pano mu April 2022 na April 2024. Timu yake inapeza cipambano cake coyamba pa njila imeneyi mu 1984, ndipo mu April 2024 Byron, Larson na Elliott anatenga malo atatu oyamba. Byron akayambila kutsogolo, Blaney adzakhala na nchito yaikulu. Tamuika waciwili cifukwa zipambano zake ziwili zinali za mu April, pamene mpikisano wa kumapeto kwa caka wakhala m'manja mwa Blaney zaka ziwili zotsatizana.

Wacitatu tikuika Elliott, pa zifukwa zofanana: motoka ya Hendrick, ndipo anacitapo kale zimenezi atapanikizika.

Ena adzati tamulakwila Hamlin. Zoona, iye ni mwana wa ku Virginia, wapambana pano ka 6, ndipo mu March 2025 ndiye anatenga nkoloko. Tikumuika wacinai cifukwa timu yake maso ali kale ku Phoenix. Hamlin sanatengepo cikho ca Cup, ndipo sitikhulupilila kuti angagundane na munthu wothedwa nzelu pa kona yothela, n'kudzipangila mdani mlungu umodzi mpikisano waukulu usanacitike.

Wacisanu ni Larson, amene anapambana pano mu April 2023. Iye na Bell ali pamwamba pa mzele, koma wina wa pansi akapambana, mmodzi wa iwo adzatsala. Awiliwa adzakhala akuwelengelana mapointi m'malo mothamangila malo oyamba.

Cimene cingasokoneze zonsezi ni makhalidwe a madalaiva kumapeto. Mu 2022 Ross Chastain anatsamiza motoka ku cipupa, osaponda mabuleki pa kona yothela, n'kumulanda Hamlin malo, ndipo NASCAR inaletsa mcitidwe umenewu. Mu 2024 Bell anakwecesa cipupa pothela, analangidwa, malo n'kupita kwa Byron, ndipo matimu atatu analipitsidwa cifukwa cothandiza anzawo a kampani imodzi ya mamotoka. Cikasu cikakwezedwa kutatsala pang'ono kutha, mamotoka onse amaunjikananso, ndipo woyamba angakankhidwe.

Ngakhale n'telo, mndandanda wathu ni uwu: Blaney, Byron, Elliott, Hamlin, Larson. Okonda Logano na Bell, tiuzeni amene mungamucotse pa asanuwa.