Kusankha Chilembo Chimodzi Si Kutaya Zinzake

Anthu a ku China salemba ndi alifabeti. Liwu lililonse, kapena chigawo cha liwu, lili ndi chilembo chakechake, ndipo pa zaka zoposa 3,000 zimene zilembozi zakhala zikulembedwa pa mafupa, pa nsungwi, pa miyala ndi pa pepala, manja a alembi sanafanane. Motero chilembo chimodzi, chotchulidwa mofanana ndiponso chotanthauza chinthu chimodzi, chimapezeka ndi maonekedwe awiri, atatu kapena oposerapo. Chilembo chonena nsonga ya phiri, mwachitsanzo, ena ankachilemba ataika chizindikiro cha phiri kumanzere, pomwe ena ankaika chizindikirocho pamwamba.

Vuto limeneli ndi lakalekale. Mfumu Qin Shi Huang itagwirizanitsa dzikolo m'chaka cha 221 Khristu asanabadwe, nduna yake Li Si inakhazikitsa kalembedwe kamodzi koti kagwire ntchito m'zigawo zonse. Komabe kusiyanako sikunathe. Cha m'ma 100 Khristu atabadwa, katswiri wina dzina lake Xu Shen analemba dikishonale yotchedwa Shuowen Jiezi, momwe anafotokoza zilembo 9,353. Maonekedwe ena okwana 1,163 amene anawapeza sanawataye ayi, koma anawaika pambali pa zilembo zake kuti mibadwo idzawaone.

M'chaka cha 1955 boma la China linatulutsa mndandanda wosankha pakati pa zilembo zoterezi. Linazisonkhanitsa m'magulu 810, m'gulu lililonse n'kusiyamo chimodzi, ndipo zilembo 1,055 zinachotsedwa m'mabuku atsopano ndi m'manyuzipepala. Ntchitoyi inali yoyenera ndithu. Mwana amene akuloweza zilembo zikwizikwi sayenera kusenza katundu wina wapamwamba, ndipo mphunzitsi sangachonge mayeso mwachilungamo ngati buku lililonse likulemba mwa njira yakeyake. Nazonso nyumba zosindikiza mabuku, zimene masiku amenewo zinkasunga chilembo chilichonse pa kachitsulo kakekake, zinapepukidwa.

Tsono mtengo wake unaoneka pambuyo pake. Zina mwa zilembo zochotsedwazo zinali m'maina a anthu ndi a malo. Makolo ankakonda kutcha mwana dzina lolembedwa ndi chizindikiro cha madzi katatu, lotanthauza madzi ochuluka, koma mndandanda uja unachiwerenga chilembochi ngati chongobwereza chinzake. Makompyuta atalowa m'maofesi ndi m'mabanki, eni maina osowasowa anayamba kuvutika polembetsa ziphaso, pakuti makinawo sankawazindikira. Ndiye chifukwa chake mndandanda wa 2013, wa zilembo 8,105, unabwezeretsa zilembo 45 zamtunduwu, makamaka kuti zizigwira ntchito m'maina. Dzina la munthu si cholakwa choti achidule ndi inki yofiira.

Ku Taiwan, Unduna wa Zamaphunziro unatenga njira ya Xu Shen. Unakhazikitsa zilembo zoyenera kuphunzitsidwa m'sukulu, komanso unasonkhanitsa dikishonale ya maonekedwe oposa 100,000 yopezeka pa intaneti, yosonyeza buku limene maonekedwe aliwonse anachokera. Wofufuza amene wapeza chilembo chachilendo pa mwala wa pamanda kapena m'kaundula wa banja angathe kuchilondola mpaka kudziwa chimene chikuimira.

Apa pali ntchito ziwiri, ndipo imodzi siingalowe m'malo mwa inzake. Yoyamba ndi kusankha kalembedwe kamodzi koti ana aphunzire ndi koti dziko lizilemberana. Yachiwiri ndi kulemba mosamala zonse zimene sizinasankhidwe, pamodzi ndi gwero lake. Mayi wanzeru akapeta mphale sataya gaga, pakuti adziwa kuti tsiku lake lidzafika. Bungwe lililonse lopatsidwa udindo wokonza kalembedwe ka chilankhulo liyenera kutsegula kaundula wa zotsalira pa tsiku lomwelo limene likusindikiza malamulo ake, lisanachotse chilembo ngakhale chimodzi.