Nyimbo ya Bartimeo Ailembe Ndani?



Pa 22 Novembala Mpingo umakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, ndipo makwaya kuyambira ku Namitete mpaka ku Nambuma ali kalikiliki kukonzekera. Koma sabata ino sitiomba m'manja. Pali mlandu, ndipo opalamula ndife tomwe.

M'tchalitchi lina la kumudzi cha ku Kabudula muli mnyamata wosaona amene amapeka nyimbo za Misa. Mawu onse anayi amawasunga m'mutu. Atapeka nyimbo ya zopereka anauzidwa kuti singaunikidwe popanda kope lolembedwa m'manotsi. Anaimbira mnzake woona kuti amulembere. Mnzakeyo anasintha mizere iwiri, ati kuti ikome, ndipo pamwamba pa pepala panakhala dzina la wolembayo. Lero nyimboyo tikuimba tonse, mwini wake ali phee pa benchi la kumbuyo. Tisazembe mawu: kumeneku n'kuba, ngakhale kwachitikira m'nyumba ya Mulungu.

Ena adzati: “Nanga wosaona manotsi ngachiyani? Si ali ndi makutu?” Inde, Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona, ndipo anagwedeza dziko lino ndi banjo popanda pepala. Koma ndife tomwe tinaika lamulo loti nyimbo ya kwaya ikhale yolembedwa. Wotseka chitseko asadabwe kuti mlendo wagona panja. Komanso amene sangathe kulemba yekha nyimbo yake sangathenso kuiteteza.

Maganizo oti wosaona sangalembe nyimbo anatha kalekale. Louis Braille, amene zilembo za osaona zimatchedwa dzina lake, anali Mkatolika woimba limba m'matchalitchi a ku Paris. Buku lake la 1829 linali ndi njira yolembera mawu ndi nyimbo zomwe. Louis Vierne, amene ankaona movutikira kwambiri chibadwire, anaimba limba m'tchalitchi la Notre-Dame kuyambira 1900 mpaka 1937, ndipo zimene anapeka zikuimbidwabe. Ngati zinatheka kompyuta kulibe, ife tinamizira chiyani?

Lero kuli mapulogalamu owerenga mokweza zimene zalembedwa pa kompyuta kapena pa foni. NVDA, imene anaiyamba mu 2006 Michael Curran, wosaona wa ku Australia, ndi yaulere. M'mafoni a Android muli TalkBack. Pulogalamu yolembera nyimbo ya MuseScore nayonso ndi yaulere, ndipo imagwirizana ndi NVDA: munthu amalowetsa noti pa kiyibodi ya kompyuta, namva dzina lake ndi kutalika kwake.

Chopweteka mtima n'chakuti ife tili ndi mwayi woposa apa. Makwaya athu ambiri sagwiritsa ntchito manotsi a mizere isanu, koma a solofa: d, r, m, f, s, l, t. Zimenezi ndi zilembo wamba! Zikatayipidwa, pulogalamu imaziwerenga chimodzichimodzi, bola itcheredwe kuti izitchulanso timadontho ndi timizere tosonyeza kugunda kwa nyimbo. Koma ife timatani? Timalemba pamanja m'kope, n'kujambula ndi foni, n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp. Kwa mnzathu wosaona, chithunzi cha manotsi olembedwa pamanja chili ngati pepala lopanda kanthu. Mpanda umenewu sanaumange azungu opanga mapulogalamu. Taumanga ndife, ndi ulesi wathu.

“Ndalama palibe,” atero ena. Zoona? Za yunifolomu timazipeza. Za zokuzira mawu ndi sola yake timazipeza. Za galimoto yopitira ku chikondwerero cha makwaya timasonkha mpaka kugulitsa mtedza. Zimangosowa pamene wopindula ndi munthu wosaona. Akuluakulu anati lungalunga n'kubadwa, chilema chichita kudza. Amene akutsogolera kwaya lero, mawa maso akhoza kuchita khungu.

Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1963 chonena za mapemphero a Mpingo, unaphunzitsa kuti akhristu onse atenge mbali mokwanira pa Nsembe ya Misa. Sunapatule osaona. Choncho tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, nyimbo iliyonse yatsopano itayipidwe, isamangojambulidwa. Chachiwiri, komiti younika nyimbo ilandire nyimbo yojambulidwa mawu kuchokera kwa wopeka wosaona, ndipo womulembera amuwerengere noti ndi noti, dzina likhale la mwini. Chachitatu, achinyamata odziwa kompyuta aike NVDA ndi MuseScore pa kompyuta ya parishi, ndipo tifunse nzeru kwa aphunzitsi a osaona ku Malingunde, kwa omwe anaphunzira ku Montfort ku Nguludi, ndi ku bungwe la Malawi Union of the Blind. Koposa zonse, tiwafunse eni ake chimene akufuna.

Werengani Marko 10:46-52 m'miphakati yanu sabata ino. Bartimeo atafuula pa msewu wa ku Yeriko, amene anamuletsa sanali achikunja. Anali anthu oyenda ndi Yesu. Ambuye anaima, nalamula anthu omwewo kuti amuitane. Ife tili m'khamu lomwelo, ndipo lamulolo silinasinthe.

Cecilia Woyera, mutipempherere.