Mkhristu wokhwima amaoneka akadzudzulidwa

Ambiri timayeza kukula kwa mkhristu poona zaka zomwe wakhala mumpingo, udindo wake, kapena kutalika kwa pemphero lake. Ine ndikuona kuti kukhwima kumaonekera pa momwe munthu amalandirira chidzudzulo. Taganizirani za Petro. Anali atalalikira kale pa Pentekosite, koma ku Antiokeya anasiya kudyera limodzi ndi anthu a mitundu ina poopa alendo ochokera kwa Yakobo, mpaka Barnaba anatengeka naye. Paulo anachita kumudzudzula pamaso pa onse, monga Agalatiya 2 akufotokozera. Ngati mtumwi anaterereka chotere, mkulu wa mpingo kapena mayi wa Mvano angadzione bwanji kuti anafikapo?

Ena adzati kwathu kuno mwana sadzudzula mkulu, ndipo ulemu umenewu ndi wofunikadi. Komatu ulemu umangotiuza kalankhulidwe, sutitseka pakamwa. Mfumu Davide atachimwa, mneneri Natani sanayambe ndi kumukalipira. Anamuphera fanizo la mmphawi wolandidwa kankhosa kake kamodzi, komwe kankamwera m'chikho chake. Davide anali ndi mphamvu zomupha mneneriyo, koma atazindikira kuti nkhaniyo ndi yake, anavomera tchimo lake pomwepo.