Mankhwala a mphumu asamasiyidwe mwana akapeza bwino



Mwera ukayamba kuwomba panyanja mu June ndi July, ana odwala mphumu amajomba kwambiri kusukulu. M'nyumba zambiri mwana amangodziwa mankhwala opopera mkamwa a buluu, pamene a bulauni amaponyedwa m'kabati chifuwa chikangoleka kulira. Chizolowezi chimenechi chikuika ana athu pangozi.

Mphumu imachita zinthu ziwiri m'mapapo. Minofu yozungulira tinjira ta mpweya imakungika, ndipo mkati mwa tinjirato mumatupa n'kudzaza makhololo. Salbutamol, yemwe nthawi zambiri amakhala m'kabotolo ka buluu, amamasula minofu ija m'mphindi zochepa, koma pakatha maola anayi kapena kupitirira pang'ono mphamvu yake imatha. Kutupa kuja sakukhudza n'komwe. Beclometasone, wa bulauni uja, ndiye amaphwetsa kutupako pang'onopang'ono, ndipo phindu lake limaoneka pakapita masiku kapena masabata. N'chifukwa chake amapopedwa tsiku lililonse, ngakhale mwana akusewera mpira bwinobwino. Akatha kupopa azichukucha mkamwa ndi madzi. Mapiritsi a prednisolone ndi a masiku ochepa, mphumu ikavuta kwambiri, ndipo ndi adokotala okha oyenera kuwalemba.

Kuyambira mu 2019, bungwe la akatswiri a mphumu padziko lonse la GINA linasiya kulimbikitsa kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira salbutamol yekha. Mwana amene akupopa wa buluu kangapo pa sabata, kapena amene befu likumudzutsa usiku, akufunika kukaonedwanso ku chipatala cha boma cha Salima kapena chipatala chaching'ono chapafupi.

Makolo ena amaopa kuti mwana akayamba kupopera azolowera ndipo sadzasiyanso. Mankhwalawa sachititsa chibaba ngati fodya. Opopera amapita molunjika m'mapapo pa mlingo wochepa kwambiri, pamene mapiritsi a salbutamol amazungulira thupi lonse, n'kumanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima. Mwana amene akulephera kupopa bwino angathandizidwe ndi botolo la pulasitiki la 500ml lobooledwa kumatako kuti mankhwala adzere m'menemo. Kafukufuku wa ku Cape Town anaonetsa kuti njirayi imagwira ntchito, ndipo anamwino angakuonetseni kakonzedwe kake.

Pempho langa ndi ili. Makolo, musasiyitse mwana mankhwala a tsiku ndi tsiku popanda kufunsa kuchipatala, ndipo mumutalikitse ku utsi wa nkhuni ndi wowambira nsomba. Aphunzitsi anzanga, tilole mwana kusunga wa buluu m'thumba lake, asatsekeredwe mu ofesi. Ophunzira, mnzanu akatulutsa mankhwala ake musamuseke. Akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu ngakhale wapopa, itanani mphunzitsi nthawi yomweyo kuti athamangire naye kuchipatala. A komiti, uthengawu muufikitsenso kwa makolo amene salandira kalatayi.