Nkhunda Zofiira, Chiunda Chotuwa



Tsiku lina titaweruka ku madrasa kuno ku Chitakale, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, anatipeza bambo wina atakwiya ndithu. Bamboyu anagula nkhunda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, zonse zofiira zija za mapiko otuwira ngati phulusa. Zitaswa kachitatu, chiunda chimodzi chinatuluka chotuwa, cha mizere yakuda m'mapiko. Iye anati wogulitsa anamunyenga, ndipo amafuna timuperekeze akabweze ndalama zake.

Tinamuletsa, ndipo chifukwa chake nachi.

Mtundu wa nthenga umayenda ndi timbewu ta m'thupi timene akatswiri amati majini. Gregor Mendel anaonetsa m'chaka cha 1866, poyesa nsawawa, kuti kambewu kena kamatha kubisala mwa kholo n'kudzaonekera mwa mwana. Pa nkhunda pali chodabwitsa china. Yaimuna imanyamula timbewu tiwiri ta mtundu umenewu, ka kwa atate ake ndi ka kwa mai ake. Yaikazi imanyamula kamodzi kokha, ndipo imakalandira kwa atate ake basi.

Tsono kofiira kamaphimba kotuwa. Yaimuna ikhoza kuoneka yofiira pamene kotuwa kali m'kati phee. Ikabereka ndi yaikazi yofiira, ana onse aamuna amafiira, koma theka la aakazi limatuluka lotuwa. Kunena kwina, pa maunda anayi chimodzi, ngakhale kuti mwayi sumayenda pamzere. Oweta timbalame ta ku Australia totchedwa zebra finch amaona zomwezi: yaimuna yotuwa imabereka yaikazi yabulauni osayembekezera.

Inu a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota amene muli ndi makola kuseri kwa nyumba, yesani izi. Phatikizani yaimuna yotuwa ndi yaikazi yofiira yaphulusa. Maunda ofiira onse adzakhala aamuna, otuwa onse aakazi. Mudzadziwa nthenga zikangomera, osadikira kuti yaimuna iyambe kulira ikuzungulira.

Bambo uja tinamukumbutsanso nkhani imene ili mwa Bukhari ndi Muslim, ya munthu amene anakayikira mkazi wake kaamba ka khungu la mwana. Mtumiki (SAW) anamufunsa ngati pakati pa ngamira zake zofiira panalibe yotuwa. Munthuyo anavomera kuti ilipo, nati mwina inatengera kwa makolo ake akale, ndipo Mtumiki anamuuza kuti mwanayonso akhoza kukhala chimodzimodzi.

Mnzathuyo sanakhutire kwenikweni. Tinangogwirizana kuti adikire: chiunda chikadzakhala chachimuna, tidzapita limodzi kwa wogulitsa. Patapita miyezi 7 anatumiza mwana wake ku madrasa kudzatiuza kuti nkhunda yotuwa ija yaikira mazira awiri.